PAMENE NKHUNGU IBVUNDIKIRA TAUNI: PHUNZIRO LA NYENGO YOZIZIRA

Ife a ku cipatala timadziwa kuti mwezi wa June wafika ngakhale tisanayang'ane pa kalenda. Mabenchi amadzala ndi anthu otsokomola, ana opuma mofulumira ndiponso nkhalamba zobanika. Tikafunsa cimene cawadwalitsa, ambiri amayankha kuti, "Mphepo yandilowa, adokotala." Nzoona kuti kuzizira kuli ndi mbali yake. Koma lero pa tsamba lathu la zaumoyo ndifuna tikambitsirane za mdani wina amene amabwera pamodzi ndi kuzizirako, ndiye utsi umene wasowa potulukira. Kuti timvetse bwino, tiyamba ndi zimene zinacitika m'tauni ina yaing'ono ya kutsidya kwa nyanja, kenaka tibwerera ku nyumba zathu.

MASIKU ASANU A KU DONORA

Donora ndi tauni yaing'ono ya ku America, m'cigawo ca Pennsylvania. Inamangidwa m'cigwa, pamalo pamene mtsinje wa Monongahela umakhota ngati uta, ndipo mbali zonse kuli mapiri. M'caka ca 1948 munali anthu pafupi-fupi 14,000. Ambiri anali kugwira nchito m'mafakitale osungunula zitsulo ndi oyenga zinki. Mafakitalewo, sitima zapanjanji ndi nyumba za anthu zinali kusonkha malasha a miyala, onga aja okumbidwa ku Maamba.

Pa Citatu, pa 27 October 1948, kunja kutayamba kuzizira, nkhungu inagwa m'cigwamo. Anthu sanadabwe cifukwa anali atazolowera nkhungu ndi utsi. Koma ulendo uno kunja kunali zii, kopanda ngakhale kamphepo kogwedeza masamba. Pa Cinai nkhungu ija sinacoke. Pa Cisanu inali itada, yosakanizika ndi utsi, kotero kuti oyendetsa galimoto analephera kuona mseu ndipo ena anasocera pafupi ndi makomo ao. Ngakhale zinali tero, anthu anapitiriza nchito ndi zosangalatsa zao. Pa Ciweru mpira unaseweredwa, oonerera akulephera kuwaona bwino osewera.

Kuyambira pa Cisanu madzulo, madokotala 8 a m'tauniyo sanagone. Anthu anali kutsokomola, kulira m'cifuwa ndi kubanika. Ozimitsa moto anayenda khomo ndi khomo atanyamula mabotolo a okosijeni, akufufuza njira ndi manja. Ambiri mwa amene anafa anafa pa Ciweru. Pa Sondo, pa 31 October, fakitale ya zinki inaimitsa ng'anjo zake, ndipo tsiku lomwelo kunagwa mvula imene inabalalitsa nkhungu ija. Anthu 20 anali atafa ndipo pafupi-fupi 6,000 anadwala. Amene anafa anali maka-maka acikulire amene anali kale ndi matenda a m'cifuwa kapena a mtima.

Aka sikanali koyamba. Mu December 1930, nkhungu yotere inakhala masiku asanu m'cigwa ca mtsinje wa Meuse ku Belgium, ndipo anthu oposa 60 anafa. Dokotala Jean Firket wa ku Liège ndi anzake anapeza kuti cimene cinapha anthu cinali mpweya wa sulphur dioxide ndi zina zocokera ku malasha. Iye anacenjeza kuti zotere zitacitika mu London, anthu oposa 3,000 angafe. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 December 1952 zinacitikadi. Ciwerengero coyamba cinati anafa anthu 4,000, koma ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti anafika mwina pa 12,000. Mu 1956 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa utsi wambiri m'matauni.

CIFUKWA CIANI UTSI SUNAKWERE KUMWAMBA?

Masiku onse dzuwa limatenthetsa nthaka, ndipo nthaka imatenthetsa mpweya umene uli pafupi nayo. Mpweya wofunda ndi wopepuka, motero umakwera ndi kunyamula utsi kupita nao kumwamba. Ndico cifukwa cake masana utsi wa moto umaongoka kukwera.

Usiku wozizira wopanda mphepo zinthu zimatembenuka. Nthaka imazizira msanga, ndipo mpweya wa pansi umaziziranso ndi kulemera. Mpweya wolemerawo umatsetsereka m'mapiri monga madzi ndi kudzaza cigwa, pamene wofunda umakhala pamwamba pake. Mpweya wofundawo umasanduka cibvundikiro ca pa mphika. Utsi uli wonse wotuluka pansi umakwera pang'ono, kugunda cibvundikiro, ndi kuyala m'mbali. Ngati mu mpweya muli cinyontho, nkhungu imapangika. Nkhunguyo imachinga dzuwa, nthaka siitenthedwa, ndipo cibvundikiro cingakhale masiku angapo kufikira mphepo kapena mvula yamphamvu itacicotsa.

Onani kuti nkhungu payokha ndi timadontho ta madzi cabe. Cimene cinapha anthu a ku Donora ndi utsi umene unaunjikana m'nkhungumo tsiku ndi tsiku, anthu akuupuma usana ndi usiku.

KODI ZIMENEZI ZITIKHUDZA BWANJI IFE?

Wina anganene kuti kuno ku Kum'mawa tiribe mafakitale otere. Nzoona. Anzathu a ku Mufulira ndiwo anaudziwa kwa zaka zambiri utsi woyabwa pakhosi wa ku migodi umene amauchula kuti senta. Koma tauni ya Chipata nayo iri pakati pa mapiri. Munthu akaima pa phiri la Kanjala m'mamawa mu July angaone utsi utayala pamwamba pa makomboni monga citenje cotuwa. Utsiwo ndi wa mbaula, wa nkhuni, wa zinyalala ndi mapulasitiki otenthedwa madzulo, ndi wa galimoto. Dzuwa likakwera umacoka.

Nyengo yathu yozizira kawiri-kawiri imakhala youma. Koma masiku ena kumabwera mitambo yotsika, nkhungu ndi mvula ya mawawa, ndipo dzuwa siliwoneka bwino kwa masiku angapo. Anzathu a kum'mwera kwa Malawi nyengo yotere amaicha chiperoni. Masiku otere ndiwo oopsya kwambiri. Anthu amadzitsekera m'nyumba, nkhuni ndi malasha zimanyowa ndi kufuka utsi wambiri, ndipo kuphika kumene timacitira panja timakulowetsa m'nyumba.

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Cipinda cotseka citseko ndi mawindo, moto uli m'kati, ciri ngati cigwa ca Donora. Denga ndilo cibvundikiro, mbaula ndiyo fakitale. Kusiyana kwake nkwakuti ku Donora panapita masiku anthu asanayambe kufa, koma m'kacipinda kakang'ono usiku umodzi ndi wokwanira.

MBAULA M'CIPINDA COGONA

Caka cina mu July, kutacita mawawa kwa masiku atatu, ndinali pa nchito ya usiku. Ca m'ma 05:00 koloko anabwera ndi anthu anai a nyumba imodzi: amai, ana ao awiri ndi ambuya ao a anawo. Amai anali kusanza ndi kudandaula mutu, ana anali olefuka, ndipo ambuya sanali kuyankha. Acibale anali atayamba kale kulozana zala. Ena anati ndi ndiwo za dzulo, ena anati pali munthu wacita cipongwe. Tinapima malungo, koma sitinawapeze. Nditafunsa mmene anagonera, mnansi amene anathyola citseko anati anapeza mbaula pakati pa cipinda, ndipo pansi pa citseko anatsekapo ndi masaka kuti mphepo isalowe. Amai ndi ana anacira titawapatsa okosijeni. Ambuya aja, amene anagona pafupi ndi mbaula, anamwalira dzuwa lisanatuluke. Iwo ndiwo analowetsa mbaula cifukwa comvera cifundo adzukulu ao amene anali kunjenjemera.

Malasha akamayaka m'malo mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Munthu akaupuma umalowa m'magazi ndi kukakamira pa mbali yofiira ya magazi imene nchito yake ndi kunyamula okosijeni. Umakakamira mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Motero magazi amayenda m'thupi, koma bongo ndi mtima zimakhala ndi njala ya mpweya. Munthu amene ali m'tulo samva kanthu. Ngakhale atadzuka, miyendo imakhala yolefuka moti angalephere kufika pa citseko.

Ambiri amakhulupirira kuti malasha akafiira ndi kuleka kufuka ndiye kuti poizoni yatha. Ici si coona. Makala ofiira opanda utsi amapitiriza kutulutsa mpweya woipawu kufikira atazimiratu. Ngozi yomweyi iri pa jenereta yolizidwa m'nyumba kapena m'khonde lotseka, ndi pa galimoto yolizidwa m'garaji yotseka.

Zizindikiro zake ndi izi:

1. Mutu kuwawa, cizungulire ndi kulefuka.
2. Mseru ndi kusanza.
3. Mtima kuthamanga, kupuma movutikira kapena kupweteka pa cifuwa.
4. Kusokonezeka maganizo, tulo tosadzuka, kukomoka.

Zizindikirozi zifanana ndi za malungo. Cosiyanitsa ndi ici: anthu angapo ogona cipinda cimodzi amadwala nthawi imodzi, thupi silitentha, ndipo akatuluka panja amayamba kupezako bwino.

Mukapeza munthu wotere, tsegulani citseko ndi mawindo, ndipo m'tulutseni panja msanga. Inunso musacedwemo. Ngati wakomoka koma ali kupuma, m'gonekeni cam'mbali kuti masanzi asam'tsamwe, ndipo m'fundikeni. Musam'mwetse mkaka, madzi kapena mankhwala ali onse. Mkaka sucotsa mpweyawu m'magazi, ndipo munthu wokomoka angatsamwidwe nao. Thamangirani naye ku cipatala ndi kuuza anesi kuti munali mbaula m'cipinda. Mankhwala ake ndi okosijeni. Ndi mpweya wamba pamapita maola 4 kapena 5 kuti theka la poizoniyu licoke m'magazi, koma ndi okosijeni wa ku cipatala pamapita ola limodzi ndi theka kapena kuceperapo. Onse amene anagona m'cipindamo apimidwe, ngakhale aja amene aoneka bwino. Amai apakati afunika kuonedwa ndithu, pakuti mwana wa m'mimba amabvulazidwa msanga kuposa amake.

UTSI NDI CIBAYO CA ANA

Utsi umene umaoneka nao uli ndi ngozi yake, ngakhale kuti umapha pang'ono-pang'ono. M'njira za mpweya za m'cifuwa muli timaubweya tating'ono timene timasesa fumbi ndi tizirombo kuti zituluke ndi makhololo. Utsi umafooketsa timaubweyati ndi kutupitsa njirazo. Pa nthawi yomweyo, kuzizira kumaunjika anthu m'cipinda cimodzi, ndipo mmodzi akakhala ndi cimfine onse amatengerana. Cimfine cimayamba ndi tizirombo, osati ndi kuzizira kokha. Tizirombo tikapeza mapapu ofooka ndi utsi timatsika mosabvuta, ndipo mwana amadwala cibayo, cimene ena amati kalaso.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2019 cibayo cinapha ana osafika zaka 5 oposa 740,000. Bungweli linanenanso kuti pafupi-fupi theka la imfa za ana zotere zimadza cifukwa ca utsi wa m'nyumba. Taganizirani za khanda limene liri kumbuyo pamene amake aweramira pa moto wa nkhuni zonyowa m'khichini yopanda windo. Utsi umene ukulizitsa amai misozi ndi womwewo umene khanda likupuma, ndipo ilo limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu.

Kholo liri lonse lingaphunzire kuzindikira cibayo. Mwana akakhala ndi cifuwa, dikirani akhale cete kapena agone. Bvulani malaya ake pa cifuwa ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu, mukuyang'ana pa nkoloko kapena pa foni. Cifuwa cikakwera ndi kutsika, kumeneko ndi kupuma kumodzi. Mwana ali kupuma mofulumira ngati:

1. Sanafike miyezi 2 ndipo apuma nthawi 60 kapena kuposa.
2. Ali ndi miyezi 2 mpaka 11 ndipo apuma nthawi 50 kapena kuposa.
3. Ali ndi caka cimodzi mpaka zaka 5 ndipo apuma nthawi 40 kapena kuposa.

Mwana wotere apite ku kiliniki tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuce kapena kuti mvula ikate ngati muona cimodzi mwa izi: m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akoka mpweya, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza ciri conse, ali ndi tulo tosadzuka, wagwedezeka thupi ndi kukomoka, kapena milomo yake yada. Khanda losafika miyezi 2 lingadwale kwambiri thupi osatentha, mwina lingacite kuzizira.

Cibayo cimacira ndi mankhwala monga amoxicillin ngati mwana wafika msanga. Mupatseni mankhwala masiku onse amene mwauzidwa ngakhale aoneke kuti wacira. Musagule makapusozi pa kantemba kapena kupatsa mwana otsala a mkulu wake. Cifuwa wamba ca cimfine sicifuna mankhwala otere. Cifuna kuyamwitsa kawiri-kawiri, zakumwa zofunda kwa mwana amene anayamba kudya, ndi kupukuta m'mphuno. Kumbukiraninso katemera. Kuyambira mu 2013 ana a mu Zambia amalandira katemera woteteza ku tizirombo tina toyambitsa cibayo, pa milungu 6, 10 ndi 14. Yang'anani pa khadi la sikelo ngati mwana wanu analandira onse atatu.

ACIKULIRE NDI ODWALA MPHUMU

Taona kuti ku Donora amene anafa anali maka-maka acikulire odwala kale m'cifuwa kapena mtima. Ndi mmenenso ziriri kwa ife. Mpweya wozizira ndi utsi zimafinya njira za mpweya za munthu wa mphumu, ndipo m'cifuwa mumalira ngati kamluzu. Wodwala mphumu atenge mankhwala ake opopera m'kamwa nyengo yozizira isanafike, ndipo agone nao pafupi. Mankhwalawa sazoloweretsa zoipa ndipo safooketsa mtima monga ena amanenera. Ngati wapopera koma akulephera kumaliza ciganizo polankhula, apite ku cipatala nthawi yomweyo.

Ambuya amene atupa mapazi, amene alephera kugona cagada cifukwa cobanika, kapena amene ayamba kusokonezeka mwadzidzidzi, asasiyidwe kuti "ndi ukalamba". Cibayo ca nkhalamba nthawi zina cimayamba ndi kusokonezeka ndi kukana cakudya, popanda kutentha thupi. Ndiponso munthu ali yense amene watsokomola milungu 2, maka-maka ngati akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapimitse makhololo. Cifuwa cacikulu cimabisala bwino m'nyengo imene ali yense akutsokomola, ndipo cimafalikira msanga m'zipinda zotseka. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.

ZOYENERA KUCITA M'MASIKU A NKHUNGU NDI MAWAWA

1. Yatsirani mbaula panja. Ngati mwaotha m'nyumba, windo kapena citseko cikhale cotsegula, ndipo itulutseni musanagone. Musaiike m'cipinda cogona ngakhale malasha atafiira.
2. Musatseke timabowo tolowera mpweya ta pamwamba pa zipupa ndi mapepala kapena nsanza. Omanga nyumba anatiikapo ndi colinga.
3. Sungani nkhuni ndi malasha pouma mitambo ikangoyamba. Mvula ikakukakamizani kuphikira m'kati, tsegulani malo awiri oyang'anana kuti mpweya uzidutsa.
4. Pophika, khanda ligwiridwe ndi munthu wina kutali ndi utsi. Ana aang'ono ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pa moto.
5. Musatenthe zinyalala, mapulasitiki kapena matayala madzulo ndi m'mamawa. Nthawi imeneyo utsi sukwera, umalowa m'nyumba zanu ndi za anansi.
6. Funditsani thupi m'malo mofunditsa cipinda. Zobvala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimasunga kufunda kuposa cimodzi cocindikala. Mwana abvale cisote ndi masokosi, ndipo zonyowa zibvulidwe msanga. Yalani mphasa kapena makatoni pansi pa pogona. Khanda lobadwa losakwana masiku liikidwe pa cifuwa ca amake, khungu ndi khungu, ndi kufundidwa pamodzi.
7. Osuta fodya asutire panja, kutali ndi ana.
8. M'mamawa dutsani pa khomo la nkhalamba kapena mnansi wokhala yekha. Ngati dzuwa lakwera koma citseko cikali cotseka ndipo sayankha, musacite manyazi kugogoda mwamphamvu. Amai ndi ana aja ali moyo cifukwa mnansi wao anacita zimenezi.

MAFUNSO OKAMBITSIRANA PA BANJA

Aphunzitsi, a makomiti a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo angagwiritse nchito mafunso awa pa misonkhano yao:

1. Cifukwa ciani utsi umayala pansi m'mamawa m'nyengo yozizira?
2. Kodi malasha amene afiira ndi kuleka kufuka angagonedwe nao m'cipinda?
3. Mungasiyanitse bwanji poizoni ya mbaula ndi malungo?
4. Mwana wa miyezi 8 apuma nthawi 54 pa mphindi imodzi. Mudzacita ciani?

Anthu a ku Donora sanathe kucotsa cibvundikiro cimene cinali pa tauni yao. Anayembekezera mvula ya pa Sondo, ndipo kwa anthu 20 inafika mocedwa. Ife cibvundikiro ca m'nyumba zathu tingacicotse ndi dzanja limodzi, mwa kutsegula windo ndi kutulutsa mbaula. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Lero usiku musanagone, funsani kuti, "Kodi mbaula iri kuti?" Mukatha kuwerenga nyuzipepala ino, werengeraninso ambuya ndi anansi anu amene satha kuwerenga. Tidzakumananso pa tsamba lino. Khalani ndi umoyo wabwino.